Lipoti la ulendo wa ku Cape Town: masiku awiri a zaluso ndi zakudya

Kwa mamembala anzathu amene munatsala, nali lipoti la ulendo umene gulu lathu la ojambula ndi osema linayenda ku Cape Town. Tinali anthu 12. Tinafika Lachisanu madzulo n'kunyamuka Lamlungu usiku. Masiku awiri ndi ochepa, ndipo chimene chimapulumutsa ulendo woterewu n'kuika malo alionse pa tsiku lake ndi ola lake, pakuti mumzindawu zina zimapezeka Loweruka, zina Lamlungu m'mawa basi. Wosokoneza ndondomeko amakapeza chitseko chotseka kapena mphika ataukombeza kale.

Malo ogona tinasankha pakatikati pa mzinda, pafupi ndi munda wa Company's Garden, kuti kwina konse tizifika wapansi. Zinthu zitatu zoti muzikonzeretu. Masoketi ambiri a m'nyumba zakale kumeneko amalandira pulagi ya mano atatu akuluakulu obulungira, choncho tengani adaputa, apo ayi foni ndi kamera zigona osatchajidwa. Mabasi a MyCiTi salandira ndalama pamanja, amafuna khadi ya myconnect imene mumagula n'kuikamo ma rand musanakwere. Chachitatu ndi mphepo yochokera kummwera chakummawa, imene eni ake amaitcha Cape Doctor. M'miyezi yotentha imawomba mwamphamvu moti pepala lojambulapo silikhazikika pa bondo popanda zopanira ziwiri, china kumtunda china kumunsi.

Loweruka tinayambira ku District Six Museum pa Buitenkant Street, chifukwa Lamlungu kumakhala kotseka. Nyumbayi inali tchalitchi cha Methodist ndipo inatsegulidwa ngati myuziyamu mu 1994. Pa 11 February 1966 boma la tsankho linalengeza kuti dera la District Six ndi la azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa mokakamiza, nyumba zawo n'kugumulidwa. Mukalowa, yang'anani pansi musanayang'ane kumakoma. Pansi ponse pali mapu aakulu a deralo, ndipo anthu amene ankakhalako analembapo ndi manja awo maina a mabanja awo pamalo enieni pamene panali nyumba zawo. M'mwamba mwapachikidwa zikwangwani zenizeni za maina a misewu imene inafafanizidwa. Kwa ife aluso phunziro lake ndi lalikulu: palibe utoto wokwera mtengo, palibe felemu yagolide, koma munthu umapezeka ukuponda mosamala ngati uli pamanda. Pemphani pasadakhale kuti akupatseni wokuonetsani amene anakhalako m'deralo, ndipo patulani ola limodzi ndi theka.

Kuchoka apo ndi mtunda waufupi kufika ku Slave Lodge, nyumba ya mu 1679 imene kampani ya Adatchi inkasungiramo akapolo ake. Ena angaone ngati malowa sakukhudzana ndi zakudya, koma ndi pomwe pali gwero lake. Akapolo ankachokera ku zilumba za Indonesia, ku India, ku Madagascar ndi ku Mozambique, ndipo ena mwa iwo ndiwo ankagwira mthiko m'makhitchini a mabwana awo. Sinamoni, kadamamu ndi bwemba zimene tinadya tsiku lotsatira zinakhazikika m'miphika ya mzindawu kudzera m'manja mwawo.

Ku Iziko South African Museum, kumapeto kwa mundawo, tinalowera chinthu chimodzi chokha, mwala wa Linton. Ndi chibenthu cha thanthwe chojambulidwa ndi anthu a mtundu wa San, chimene anachidula kuphanga la pa famu ina ku Eastern Cape mu 1917. Anthu awiri oyang'anizana amene ali pa chizindikiro cha dziko la South Africa cha mu 2000 anatengedwa pa chithunzi cha pamwalawu. Imani pafupi, maso azolowere kuwala kochepako, ndiye muyamba kuona timizere tofiira tokhala ndi timadontho toyera tolumikiza anthu ndi nyama. Wodutsa mothamanga amangoona mwala wofiirira.

Nthawi ikamakwana 12 koloko masana musadzidzimuke ndi kugunda kwa mzinga wa pa Signal Hill. Umalira tsiku lililonse kupatula Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Kwa ife unali belu la nkhomaliro, komanso chikumbutso chakuti masitolo ang'onoang'ono ambiri amatseka masana Loweruka. Tinali titatumiziratu anthu awiri ku Wale Street kukagula zokometsera za gulu lonse, ndipo izi n'zofunika kutero, chifukwa Lamlungu simungadalire kuti mukazipeza.

Nkhomaliro inali gatsby. Ndi buledi wamtali ngati mkono, wong'ambidwa m'litali, wodzazidwa tchipisi chofewa chothira viniga, nyama yokazinga ndi masala kapena poloni kapena nsomba, letesi ndi sosi. Amamudula panayi, ndiye kwa anthu 12 atatu akwana. Cholakwika chofala n'kuitanitsa aliyense wake, theka n'kutayika. China n'kumunyamula kukadyera kutali: nthunzi ya tchipisi imanyowetsa buledi m'pepalamo, pakangopita mphindi makumi awiri amasanduka phala. Idyani pomwepo, pepala lili chikulungire kumunsi kuti ligwire zogwa.

Masana onse tinawapereka ku Zeitz MOCAA, myuziyamu ya zaluso zamakono za mu Africa imene ili ku V&A Waterfront, ndipo sanakwane. Nyumbayi inali nkhokwe ya chimanga ndi mbewu zina, yomalizidwa mu 1924, yotalika mamita 57, ndipo inasiya ntchitoyo mu 2001. Mkati mwake munali migolo ya simenti 42 yoimirira mothithikana, yopanda bwalo lililonse. Katswiri wa mapulani Thomas Heatherwick ndi gulu lake anatenga njere imodzi ya chimanga, n'kukulitsa maonekedwe ake mpaka mamita 27, kenaka n'kuboola migoloyo motsatira maonekedwe amenewo. Popeza simenti yakale inali yopyapyala, anayamba aikuta mkati ndi simenti yatsopano asanadule, ndipo m'mphepete modulidwamo mumaona mitundu iwiriyo itagundana, yakale ya timiyala ndi yatsopano yosalala. Osema athu anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa pa chithunzi china chilichonse, ndipo sitikuwadzudzula. Myuziyamuyi inatsegulidwa mu September 2017, ndipo kuyambira 2019 mpaka imfa yawo mu 2025 ankaitsogolera mayi Koyo Kouoh.

Njira yabwino n'kukwera chikepe chagalasi mpaka pamwamba, n'kumatsika ndi makwerero ozungulira. Woyambira pansi amafika kumwamba miyendo itatopa ndipo maso atakhuta. Gulu la anthu 12 lisayende ngati mzere wa nyerere, chifukwa zipinda zina ndi zazing'ono ndipo zina zimaonetsa mafilimu a mphindi zingapo amene mmodzi afuna kumaliza wina ayi. Tinagawana atatuatatu, n'kupangana ola lokumana pabwalo lapansi. Aliyense anapemphedwa kusankha ntchito imodzi yoti akhale nayo mphindi khumi, ajambule ndi pensulo m'kabuku, alembe zipangizo zimene mwini wake anagwiritsa ntchito. Mwa zonse zimene tinachita, ichi ndicho chinabala zokambirana zenizeni madzulo. Zionetsero kumeneko zimasinthasintha, choncho onani pa intaneti zimene zilipo sabata imene mukupita.

Mgonero unali snoek wowotcha pamakala, wopakidwa jamu wa ma apurikoti, batala ndi adyo. Nsombayi ili ndi minga yaitali koma yosavuta kusolola ndi zala. Jamuyo amapsa msanga, ndiye wowotcha wodziwa amayamba ndi mbali ya khungu pamoto wofatsa n'kumapaka pang'onopang'ono. Mnofu ukakhala wofewa ngati ufa wonyowa, eni ake amati ndi pap snoek, ndipo muli ndi ufulu woibweza.

Lamlungu m'mawa ndi la koesister, mtundu wa mandasi otsekemera, ndipo mpofunika kulawirira kudera la Bo-Kaap chifukwa dzuwa likakwera amakhala atatha. Musasokoneze ndi koeksister, ngakhale maina akusiyana ndi chilembo chimodzi. Koeksister ndi wolukidwa, ndipo amamuviika ali wotentha m'manyuchi ozizira kwambiri, n'chifukwa chake amakhala wolimbako kunja ndi wotsekemera zedi. Koesister wa ku Bo-Kaap ndi wobulungira motalikirako, ufa wake amakanda ndi yisiti, sinamoni, kadamamu, jinja, anisidi ndi makoko ouma a nachesi, ena amaonjezamo mbatatesi yophika kuti afewe. Akamukazinga amamusiya azizire, kenaka amamuphika pang'ono m'manyuchi otentha n'kumuwaza kokonati. Mafuta akatentha mopitirira, kunja kumada mkati muli muwisi. Awiri pa munthu ndi khofi akwana.

Bo-Kaap ndi mudzi wa anthu, ambiri mwa iwo Asilamu, osati malo ojambulirako zithunzi chabe. Nyumba zopakidwa utoto wowala zija zili ndi eni ake mkati, ndiye musakwere pakhonde popanda kuodira, ndipo musajambule munthu musanamupemphe. Pa Dorp Street pali mzikiti wa Auwal wa mu 1794, woyamba m'dziko lonselo. Imamu wake woyamba, Tuan Guru wa ku chilumba cha Tidore ku Indonesia, analemba Korani kuchokera pamtima ali mkaidi pa Robben Island. Malo odyera ambiri kumeneko ndi a halaal ndipo sagulitsa mowa.

Pa nkhomaliro tinasungitsiratu malo dzulo lake, n'kuitanitsa mbale zosiyanasiyana zoika pakati m'malo moti aliyense adye yake. Bobotie ndi nyama yogaya yophikidwa ndi ufa wa kale (curry), anyezi ndi buledi wonyika mumkaka, pamwamba n'kuthira mazira omenya ndi mkaka, n'kuika mu uvuni mpaka pagwire. Amadyera mpunga wachikasu wa tameriki ndi mphesa zouma. Denningvleis, nyama ya nkhosa yophikidwa nthawi yaitali ndi bwemba, ndiyo inatha msanga, ndipo ulendo wina tidzaitanitse mbale ziwiri. Pa bilu onjezani 10 peresenti ya woperekera zakudya, ndiwo mwambo wake.

Tinamalizira ku Iziko South African National Gallery, kumene kumasungidwa Butcher Boys, chosema cha Jane Alexander cha m'ma 1985 ndi 1986: anthu atatu okhala pa benchi, a nyanga, opanda pakamwa ndi makutu. Funsani pakhomo ngati chili poonekera.

Msika wa ku Old Biscuit Mill ndi zithunzi za m'makoma a ku Woodstock tinazisiya dala, chifukwa zikanadya m'mawa wa Loweruka. Komiti ikupempha kuti ulendo wotsatira udzayambe Lachinayi loyamba la mwezi, tsiku la First Thursdays, pamene nyumba zoonetsera zaluso za pakati pa mzinda zimatsegula mpaka usiku ndipo kulowa n'kwaulere. Woodstock idzalowe Loweruka m'mawa, District Six idzasunthire Lachisanu.