Sabata imene ngongole ya feteleza inasanduka mlandu wa kupolisi

Lolemba m'mawa ndinalandira mu ofesi yanga ya uloya mtsikana wa chaka chachitatu pa maphunziro a zamalamulo, amene anabwera kudzaphunzira ntchito pa nthawi ya tchuthi. Anali ndi makope atatu: lina la milandu ya upandu, lina la malamulo a zamalonda, ndipo lachitatu la malamulo aakulu a dziko. Tisanamalize n'kulonjerana komwe, panalowa mayi wina atanyamula kontena ya nsima yomwe anati akupita nayo kwa amuna awo kuchitokosi.

Amuna awowo anatenga matumba 60 a feteleza pangongole kwa wamalonda wina, nalonjeza kulipira akagulitsa, koma alimi amene bamboyo anawakongoza fetelezayo sanabweze ndalama. Mwini katundu atatopa ndi kudikira anakadandaula kupolisi, ndipo bamboyo anamangidwa Lachinayi madzulo pa mlandu wopeza katundu mwachinyengo.

Ndinamufunsa wophunzirayo kuti tiyambire pati. Iye anatsegula kope lachitatu n'kunena kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1994, limalamula kuti womangidwa aonekere kubwalo pasanathe maola 48, choncho apolisi analakwa kuyambira Loweruka. Anawerenga bwino maolawo koma sanamalize kuwerenga ndimeyo, chifukwa imapitiriza kunena kuti nthawiyo ikathera pa tsiku limene bwalo silikhala, munthuyo aonekere tsiku loyamba limene bwalo likhale. Tsiku limenelo linali Lolemba lomwelo, ndipo dzuwa linalowa bamboyo asanatuluke m'chitokosi.

Lachiwiri lonse linathera pa funso limodzi, loti kodi apa panali chinyengo kapena ngongole chabe. Lamulo la milandu ya upandu limafuna kuti boma lionetse kuti munthu ananena bodza pa chinthu chimene chinalipo kapena chinachitika kale, akudziwa kuti ndi bodza, ndipo kuti bodzalo ndi limene linachititsa mwini katundu kupereka. Kulonjeza kuti udzalipira mwezi wamawa kenako n'kulephera ndi kuphwanya mgwirizano, nkhani yoti mwini katundu akasume yekha kubwalo, osati yotsekerera munthu. Tinapeza malisiti awiri osonyeza kuti bamboyo analipirako kawiri asanamangidwe, ndipo munthu amene anakonzeratu zobera mnzake sabwerera kawiri kukapereka ndalama. Kunena zoona, milandu yotere imandikwiyitsa, chifukwa ambiri amene amathamangira kupolisi amadziwa kuti akungofuna kuopseza wangongole kuti abale ake asonkhe ndalama msanga.

Lachitatu tinaonekera pamaso pa majisitireti ndipo ndinapempha belo. Woimira boma anakana ponena kuti ndalamazo sizinabwezedwe. Ndinayankha kuti gawo 42 lomwelo limati munthu ndi wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa, ndipo ayenera kutulutsidwa pokhapokha chilungamo chitafuna kuti akhalebe m'manja mwa boma. Belo inaperekedwa atapezeka anthu awiri omuimira. Tili m'njira wophunzirayo anandikumbutsa, mosangalala ndithu, mlandu wa Woolmington wa mu 1935 ku England, umene unakhazikitsa kuti udindo wotsimikizira kulakwa uli pa boma, osati pa wozengedwa.

Chimene chinanditengera nthawi yaitali chinabwera Lachinayi. Mayi aja anabweranso n'kunena kuti apeza wogula puloti yawo kuti alipire ngongoleyo. Wophunzirayo ndiye anaona kuti pa pepala lolandirira katundu panali chidindo cha kampani yolembetsedwa, osati dzina la bamboyo, ndipo anatchula mlandu wa Salomon wa mu 1897: kampani ndi munthu payokha pamaso pa lamulo, ndipo ngongole yake si ya eni ake pokhapokha ngati anasainira kuti adzaibweza iwowo. Ndinamuuza kuti awafotokozere mayiwo yekha m'Chichewa. Anachita chibwibwi kwa kanthawi, kenaka anati, "Amayi, amene anakongola ndi kampani, ndipo puloti ndi yanu, musaigulitse tisanaone zimene abambo anasainira." Mayiwo anamuyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga kampaniyo si abambo omwewo, mwanangu?" Kufotokoza zimenezi kunatitengera pafupifupi ola lathunthu, ndipo sindikukhulupirira kuti anachoka atakhutira kwenikweni, koma puloti sanagulitse.

Lachisanu tinakumana ndi loya wa mwini feteleza ndipo tinalemba mgwirizano woti kampaniyo ilipire m'magawo anayi. Mnzangayo anafuna kuti tilembemo zoti mlandu wa kupolisi watha, koma ndinakana, popeza mlandu wa upandu ndi wa boma ndipo sungathe chifukwa anthu awiri agwirizana m'chipinda. Tinangolemba kuti wodandaula adzadziwitsa bwalo za mgwirizanowu. Bamboyo akaonekeranso kubwalo mwezi wamawa, ndipo wophunzirayo ndamupatsa ntchito yokonza mafunso amene tidzafunse mwini feteleza pa za malisiti awiri aja.