Tsiku limene kamba anayaka pa Chowe

Ife a ku Mangochi dzuwa sitiliopa. Chimene chimatigonjetsa ndi mphepo. Mwera ukangoyamba mu Juni mudzaona bambo wa ndevu zake pa msika wa pa boma atavala majekete awiri ndi chipewa cha ulusi, tsiku loti munthu wa ku Dedza akanangovala malaya a manja aafupi.

Mlamu wanga wa ku Joni anaitanitsa galimoto ya magetsi yakale ndithu kuchokera ku Japan, n'kundisiyira kuti ndizimusungira. Inali nthawi ija ya mizere ya mafuta. Ndisaname, ndinkayerekedwa. Ndinkadutsa dala pomwetsera mafuta, mwakachetechete ngati mphaka, n'kumabayibitsa anzanga amene agona pamzere masiku awiri.

Mu Julayi kunali chinkhoswe cha mlamu wamng'ono ku Namwera, ndipo ndinadzipereka ndekha, popanda wondipempha, kunyamula apongozi, azakhali awiri, mayi a kunyumba, thumba la mpunga ndi tambala wa mwambo. Usiku wake magetsi anazima batire isanadzaze. Nditayatsa galimoto 4 koloko m'mawa, inalemba kuti moto wa mu batire ukwanira makilomita 68. Ku Namwera ndi makilomita pafupifupi 40. Masamu a Sitandade 3 amenewo. Ndinati kwerani.

Titangowoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, apongozi anatsokomola. Iwo salankhula nane maso ndi maso, mawu amadzera kwa mwana wawo ngakhale ndili pomwepo.

"Tawafunsani bambowo ngati akufuna tikafike ku Namwera tili maliro."

Mkamwini sayankha. Ndinapotokola hita mpaka pamapeto. Nambala ija inachoka pa 64 n'kugwera pa 51, galimoto isanadutse n'komwe mitengo iwiri ya magetsi. Ndinapukuta m'maso. Kumbuyo kunamveka kuti, "Eyaa, tsopano takhala anthu."

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. M'galimoto ya petulo injini imatentha yokha, ndipo hita imangotapa kutentha komwe kukanatayika. Ya magetsi ilibe moto wotsala woterowo. Hita yake ndi mbaula yeniyeni, imadya pa batire lomwelo limene likuyendetsa matayala. Batire nalonso likagona panja pozizira limadzuka laulesi, silitulutsa mphamvu zonse. Ine ndinali kuphika apongozi ndi ulendo wathu womwe.

Kenako phiri. Amene anakwerapo msewu wa ku Chowe akudziwa makhotakhota ake. Nambala inayamba kutsika ngati kwacha: 33, 24, 15. Ndinatambasula dzanja mwakabisira kuti ndizimitse hita, azakhali aakulu anandiona.

"Mwakhudza chiyani pamenepo?"

"Wailesi, azakhali."

Ndinabweza dzanja. Posakhalitsa nambala inasowa, kunangotsala timizere, ndipo kutsogolo kwanga kunayaka kachithunzi ka kamba. Kamba weniweni, ndi chigoba chake. Galimoto inatengeradi mayendedwe ake. Bambo wina wokankha njinga anatipitirira, n'kutipatsa moni, n'kukhala ndi nthawi yofunsa za kunyumba. Ndinaima pambali ndisanachite manyazi oposa apa.

Woyamba kufika anali mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, atanyamula petulo m'botolo. Anazungulira galimoto kawiri, anagwada n'kusuzumira pansi.

"Bwana, timathira pati?"

Wachiwiri anali wa Sienta, ndipo mwa anthu onse a m'boma la Mangochi anali mmodzi wa aja ndinkawabayibitsa pamzere. Sanaseke, zimene zinandiwawa kwambiri. Anati nayenso nyengo ino mafuta samuchedwera: m'mawa oyilo amakhala wolimba ngati uchi, injini imachedwa kutentha ndiye imamwa kwambiri, mpweya wa m'matayala umatsika, ndipo akailiza ili chiimire kuti itenthe, petulo amapita popanda kilomita ndi imodzi yomwe. "Koma hita yanga ndi yaulere, achimwene," anatero akutsegulira apongozi chitseko. Mtengo wa anthu anayi ndi thumba anautchula mokweza kuti onse amve amene akulipira.

Apongozi atakhala bwinobwino anauza mwana wawo kuti, "Auzeni atipeza."

Ndinatsala ndi tambala.

Ndinaimbira mlamu wa ku Joni uja. Atamaliza kukalipa anandiuza kuti bungwe la oyendetsa galimoto la AAA ku America linayesa zimenezi mu 2019, ndipo linapeza kuti pa madigiri 7 kunsi kwa ziro, hita ili yoyaka, mtunda umene galimoto ya magetsi ingayende umatsika ndi 41 pa 100 alionse.

"Koma alamu, kuno madzi sanaumepo chiyambire," ndinatero.

"Ndiye inuyo mwakwanitsa bwanji?"

Ndinalibe yankho. Kuzizira kwa pa Chowe kukanangolumako pang'ono. Zinazo zinali phiri, thumba la mpunga, batire lokalamba, ndi anthu asanu a kunyanja oopa mphepo.

Nzeru yake inali yoti nditembenuke ndizitsika, chifukwa pamtsetse mota imasanduka ngati dayinamo ya njinga n'kumabwezera moto mu batire. Anyamata atatu anandikankha kutembenuza. Ndinatsika hita ili yozima, mano akugundana, tambala ali phee pampando wa apongozi. Zoonadi kamba anazima. Galimoto inali kupeza mphamvu, koma ikulowera kumene ndachokera.

Kunsi kwa phiri ndinaima pa kashopu kometera tsitsi komwe amatchajanso mafoni. Mwini wake anayang'ana chingwe changa, anayang'ana galimoto, n'kutenga kope lake.

"Foni timatchaja K300. Nanga iyi tiiwerenge mafoni angati?"

Tili mkati mokambirana, foni yanga inalira. Anali mayi a kunyumba, akunong'ona, kumbuyo kukumveka nthungululu.

"Bambo a ana, ankhoswe aimirira. Akufunsa tambala."