Nkhondo ya ku Iraq ya 2003: kodi atsogoleri ananama kapena anangolakwitsa?

Teremu ino pa phunziro la mbiri ya mayiko tapatsidwa funso lalifupi koma lovuta: kodi atsogoleri a America ndi Britain ananama pofuna kuti anthu awo avomereze nkhondo ya ku Iraq ya mu 2003? M'gulu lathu lokambirana, ambiri anayankha asanawerenge n'komwe. Akuti zida zomwe zinkanenedwazo sizinapezeke, ndiye basi ananama. Mnzathu mmodzi anaumirira kuti munthu akhoza kunena zosaona koma osanama, bola iye mwini akhale kuti akuzikhulupirira. Nditawerenga malipoti a makomiti omwe anafufuza nkhaniyi, ine ndikuona kuti chinyengo chinalipo ndithu, kungoti sichinali pamalo pomwe ambiri timaloza chala.

Poyamba, zomwe palibe amene amatsutsa. Nkhondo inayamba pa 20 Marichi 2003, ndipo pofika pa 9 Epulo mzinda wa Baghdad unali m'manja mwa asilikali a America. Chifukwa chachikulu chomwe pulezidenti wa America George W. Bush ndi nduna yaikulu ya Britain Tony Blair anapereka chinali chakuti mtsogoleri wa Iraq, Saddam Hussein, ali ndi zida zopha anthu ambirimbiri nthawi imodzi, monga mpweya wa poizoni ndi tizilombo toyambitsa matenda, komanso kuti akufunafuna bomba la nyukiliya. Nkhondo itazizira, akatswiri oposa 1,000 anasakasaka m'dziko lonselo. Mtsogoleri wawo woyamba, David Kay, anauza aphungu a ku America mu Januwale 2004 kuti pafupifupi onse anali atalakwitsa. Yemwe anamulowa m'malo, Charles Duelfer, analemba chaka chomwecho kuti Iraq inawononga nkhokwe za zida zotere cha mu 1991 ndipo sinayambirenso kuzipanga, ngakhale Saddam ankalakalaka kudzayambiranso zilango za zachuma zikadzachotsedwa.

Mnzathu uja ali ndi mfundo, ndipo ndi bwino kuyipatsa ulemu wake. Saddam sanali munthu womuganizira zoipa popanda chifukwa. Anagwiritsapo ntchito mpweya wa poizoni pa nkhondo yake ndi Iran ya 1980 mpaka 1988, ndipo mu Marichi 1988 anapha nawo anthu pafupifupi 5,000 a mtundu wa Kurd m'tauni ya Halabja. M'zaka za m'ma 1990 boma lake linkabisa zinthu kwa akatswiri a United Nations, ndipo linavomera za ntchito yopanga zida za tizilombo mu 1995 litapanikizika. Kuyambira Disembala 1998 mpaka Novembala 2002 munalibe wofufuza aliyense m'dzikomo. Lipoti la Duelfer linaonetsanso kuti Saddam ankafuna dala kuti Iran izikhulupirira kuti zidazo akadali nazo. Asilikali omwe analowa m'dzikomo ananyamula zovala zodzitetezera ku poizoni. Zonsezi zikundichititsa kukhulupirira kuti Bush ndi Blair ankayembekezeradi kuti zida zina zipezeka.

Koma anthu sanauzidwe kuti "tikuganiza kuti ali nazo". Pa 26 Ogasiti 2002 wachiwiri kwa pulezidenti wa America, Dick Cheney, ananena ku Nashville kuti palibe chikaiko chilichonse kuti Saddam ali ndi zidazo. Pa 24 Seputembala Blair analemba m'mawu oyamba a chikalata chomwe boma lake linatulutsa kuti akazitape atsimikiza mopanda chikaiko kuti Saddam akupitiriza kupanga zida za poizoni ndi za tizilombo. Chonsecho malipoti a akazitape a Britain a m'miyezi ya m'mbuyomo ankanena kuti umboni womwe ulipo ndi wochepa komanso wa apo ndi apo. Zili ngati mboni yomwe yangomva mphekesera ndipo yazikhulupirira ndi mtima wonse, koma pabwalo la milandu ikulumbira kuti inaona ndi maso. Ngakhale woimbidwa mlanduyo atakhaladi wakuba, mboniyo yanamiza bwalo pa chinthu chimodzi chofunika: kuchuluka kwa zomwe ikudziwa.

Nkhani ya mapaipi a aluminiyamu ikuonetsa zimenezi mosavuta. Pa 8 Seputembala 2002 Condoleezza Rice, mlangizi wa pulezidenti pa zachitetezo, ananena pa CNN kuti mapaipi omwe Iraq inkagula ndi oyenera ntchito yopanga zida za nyukiliya basi. Komatu akatswiri a unduna wa zamphamvu wa America womwewo, omwe amadziwa bwino makina oyengera yureniyamu, anali atanena kale kuti mapaipiwo akufanana ndi a maroketi wamba. Kusagwirizanaku kunalembedwa m'lipoti lachinsinsi la akazitape la mu Okutobala 2002, koma anthu wamba anamva mbali imodzi yokha.

Yomwe yandidyera nthawi kwambiri ndi ya yureniyamu ya ku Niger. Mu Febuluwale 2002 bungwe la akazitape la America, CIA, linatuma kazembe wakale, Joseph Wilson, kuti akafufuze mphekesera yoti Iraq ikufuna kugula yureniyamu kumeneko. Anabwerako akunena kuti n'zokayikitsa kwambiri. Mu Okutobala chaka chomwecho, mkulu wa CIA, George Tenet, anachititsa kuti mfundoyi ichotsedwe m'mawu omwe Bush anakalankhula ku Cincinnati, poti umboni wake unali wofooka. Patangotha miyezi itatu, pa 28 Januwale 2003, mfundo ija inatulukiranso m'mawu a pulezidenti ku mtundu wonse, koma itavala malaya ena: akuti boma la Britain ndi lomwe lapeza kuti Saddam wakhala akufunafuna yureniyamu yochuluka ku Africa. Chiganizocho pachokha sichinali bodza, poti boma la Britain linanenadi zimenezo, ndipo komiti ya Butler, yomwe inaunika ntchito ya akazitape a Britain, mu 2004 inati a Britain anali ndi zifukwa zomveka zoganizira choncho. Koma taganizirani chifukwa chomwe munthu angakankhire mawu kwa mnzake pomwe akazitape ake omwe amuuza kuti asawanene. Ameneyo akudziwa kuti mfundoyo ndi yogwedera, ndipo wapeza njira yoti omvera ayikhulupirire iye osagwidwa nayo. Pa 7 Marichi 2003 Mohamed ElBaradei, mkulu wa bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA, anauza nthambi ya zachitetezo ya United Nations kuti makalata omwe ankati ndi umboni wa malondawo anali achinyengo. Imodzi mwa makalatawo, ya chaka cha 2000, inali ndi dzina la nduna ya ku Niger yomwe inachoka pa udindo wake cha mu 1989. Nkhondo inayamba pasanathe masabata awiri. Mu Julayi 2003 akuluakulu a ku White House anavomera kuti chiganizo chija sichinayenere kulowa m'mawu a pulezidenti.

Ku Britain, mfundo ya boma yomwe inagwedeza anthu inali yakuti Iraq ikhoza kuponya zida zake pasanathe mphindi 45 lamulo litaperekedwa. Nyuzipepala zina zinalemba ngati kuti asilikali a Britain omwe ali ku Cyprus akhoza kuphedwa m'mphindi zimenezo. Pambuyo pake zinadziwika kuti lipoti la akazitape linkanena za zida zazing'ono za pabwalo la nkhondo, osati mizinga youluka mtunda wautali. Nduna ya zachitetezo, Geoff Hoon, inavomera kuti inkadziwa zimenezi koma sinakonze zomwe nyuzipepala zinalemba. Blair anati iye sanadziwe mpaka aphungu atavota kale kuvomereza nkhondoyo. Ngati n'zoona, ndiye kuti anatengera dziko ku nkhondo asanafunse kuti zida zomwe akuopseza nazo anthu ndi zamtundu wanji, ndipo sindikuona kuti yankho limeneli likumuyeretsa. Nkhani yomweyi ndi yomwe inadzetsa mkangano pakati pa boma ndi BBC, ndipo katswiri wa zida David Kelly, yemwe analankhula ndi mtolankhani mwachinsinsi, anapezeka atafa mu Julayi 2003 dzina lake litaululika.

Za Colin Powell, yemwe anali nduna ya America ya zamaubale ndi mayiko ena, ndimazimva mosiyana pang'ono. Pa 5 Febuluwale 2003 anakaonekera ku United Nations, Tenet atakhala kumbuyo kwake, n'kunena kuti mfundo iliyonse yomwe akupereka ili ndi umboni wolimba. Anaonetsa zojambula za malole omwe ankati ndi mafakitale oyendayenda opangira tizilombo. Gwero lalikulu la nkhani ya maloleyo linali munthu mmodzi wa ku Iraq yemwe anathawira ku Germany, amene akazitape anamupatsa dzina loti Curveball. A CIA anali asanamufunsepo okha mafunso, ndipo ena mwa omwe ankamudziwa ankamukayikira. Mu 2011 munthuyu anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti anapeka zonsezo pofuna kuti Saddam achotsedwe. Apa ndiye pali wabodza weniweni, wovomera yekha. Powell anakhala masiku angapo ku likulu la CIA akuchotsa mfundo zomwe ankazikayikira, ndipo mu 2005 ananena kuti zomwe analankhula tsiku lija ndi banga pa mbiri yake. Ndikuona kuti iye ananamizidwa kuposa mmene ananamizira ena. Funso lomwe latsala ndi lakuti n'chifukwa chiyani machenjezo okhudza Curveball sanafike pa tebulo lake, ndipo pamenepa omwe analipo amatsutsana mpaka lero.

Pomwe sindikuvutika kugwiritsa ntchito mawu oti chinyengo ndi pa nkhani yolumikiza Iraq ndi zigawenga za al-Qaeda. Mwa anthu 19 omwe analanda ndege n'kuchita chiwembu ku America pa 11 Seputembala 2001, 15 anali a ku Saudi Arabia ndipo panalibe wa ku Iraq ngakhale mmodzi. Cheney ananena mu Disembala 2001 kuti zatsimikizika ndithu kuti mtsogoleri wa zigawengazo, Mohamed Atta, anakumana ndi kazitape wa Iraq ku Prague. Komiti yomwe inafufuza za chiwembucho inati sikukhulupirira kuti msonkhanowo unachitika. Mfundo ina, yoti Iraq inkaphunzitsa al-Qaeda za poizoni, inachokera kwa mkaidi Ibn al-Shaykh al-Libi, yemwe anadzaikana mu 2004 n'kunena kuti anaipeka pothawa kuzunzidwa. Nthambi ya ukazitape ya asilikali a America inali itachenjeza kale mu Febuluwale 2002 kuti mkaidiyu akuoneka kuti akusocheretsa omufunsa. Komabe mfundoyo inanenedwa ndi Bush komanso Powell. Mu Seputembala 2003 kafukufuku wa nyuzipepala ya Washington Post anapeza kuti pafupifupi anthu 7 mwa 10 alionse ku America ankaganiza kuti Saddam anatengapo mbali pa chiwembu chija. Bush anadzanena mwezi womwewo kuti palibe umboni wa zimenezo, nkhondo itachitika kale. Mu 2008 komiti ya aphungu yoona za ukazitape inatsimikiza kuti zonena za akuluakuluwo pa ubale wa Iraq ndi al-Qaeda sizinkagwirizana ndi zomwe akazitape anapeza.

Palinso nkhani ya nthawi yomwe chiganizo chinamangidwa. Pagulu ankanena kuti nkhondo ndi njira yomaliza. Koma zolemba za msonkhano wa ku ofesi ya Blair ku Downing Street wa pa 23 Julayi 2002, zomwe zinaululika mu 2005, zikuonetsa mkulu wa bungwe la akazitape la Britain la MI6, Richard Dearlove, akufotokoza kuti ku Washington nkhondo ikuonedwa ngati yosapeweka, ndipo umboni ukukonzedwa kuti ugwirizane ndi chiganizocho. Pamsonkhano womwewo nduna ya zamaubale ndi mayiko ena, Jack Straw, inati mlandu wa Saddam ndi wopyapyala, poti mphamvu zake pa zida zotere zinali zochepa poyerekeza ndi za Libya, North Korea kapena Iran. Patapita masiku asanu Blair analembera Bush kuti adzakhala naye zivute zitani. Ofufuza zida a United Nations otsogozedwa ndi Hans Blix atabwerera ku Iraq anayendera malo mazanamazana osapeza nkhokwe iliyonse, ndipo pa 7 Marichi Blix anapempha miyezi yochepa chabe kuti amalize ntchito. Sanapatsidwe.

Komiti ya John Chilcot, yomwe boma la Britain linaikhazikitsa kuti ifufuze za nkhondoyi, inagwira ntchito zaka 7 ndipo inatulutsa lipoti lake pa 6 Julayi 2016. Inati njira zamtendere zinali zisanathe, ndipo chiopsezo cha zida za Iraq chinaperekedwa kwa anthu motsimikiza mopyola umboni womwe unalipo. Sinanene kuti Blair ananama, ndipo iye anatenga zimenezi ngati zomuyeretsa. Wina akhoza kundiuza kuti chalaka bakha nkhuku singatole. Komatu komitiyo sinali khoti, ndipo kuti utsimikize bodza umafunika kudziwa zomwe zinali mumtima mwa munthu, chinthu chomwe makalata a boma sasunga. Chilcot mwiniwake atafunsidwa ndi BBC mu 2017 anati sakukhulupirira kuti Blair analankhula mosabisa kanthu kwa mtundu wake pa nkhani ya Iraq.

M'nkhani yomwe ndikapereke ndiika pakati Robin Cook, chifukwa iye akugwetsa chodzikhululukira chakuti aliyense yemwe anaona malipotiwo akanaganiza chimodzimodzi. Cook anali nduna ya zamaubale ndi mayiko ena kuyambira 1997 mpaka 2001, ankadziwa mmene malipoti a akazitape amalembedwera, ndipo mu Febuluwale 2003 anafotokozeredwa payekha zomwe akazitapewo anali nazo. Pa 17 Marichi anatula pansi udindo wake m'boma la Blair, n'kuuza nyumba ya malamulo kuti mwachidziwikire Iraq ilibe zida zopha anthu ambiri m'lingaliro lomwe anthu amazidziwira, kutanthauza chida chomwe chingaponyedwe pa mzinda. Tsiku lotsatira aphungu 412 anavomereza nkhondoyo, 149 anakana.