Lenzi ya atsibweni a ku Joni

Atsibweni anga atabwerako ku Joni, aliyense pakhomo analandira kake. Amayi bulangete, mlongo wanga nsapato zazitali, ine kachinthu kakuda kobulungira kokulungidwa m'sokosi. Poyamba ndinayesa chitini cha polishi. Nditavundukula ndinaona galasi, m'mphepete mwake mutalembedwa Canon FD 28mm.

"Imeneyo ndi lenzi, mphwanga," anatero atsibweni akukonza chipewa. "Bwana wanga ankati imameza phiri lonse kamodzi. Kamera yake ukaona wekha."

Anandipatsa khasu lopanda mpini, koma ine ndinavina. Pa filimu wamba, lenzi ya 50mm imaona madigiri pafupifupi 40 kuchokera kumanzere kufika kumanja, pamene ya 28mm imafika cha pa 65. Kwa munthu wobadwira m'tsinde mwa phiri la Dedza imeneyo si nkhani yaing'ono. Phiri lathu limapitirira mamita 2,000, ndipo ukafuna kuti likwane pachithunzi umabwerera chambuyo mpaka umapezeka uli mu Mozambique wopanda pasipoti.

Chinkhoswe cha mlongo wanga chinali mu Julayi. Ndinalengeza pamaso pa abale onse kuti za mafoni azisiye, wojambula alipo kale m'banja momwemo. Ndinagulitsa matumba atatu a kachewere, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe. Lenziyo ndinaisiya pansi pa pilo, kuopa opisa m'matumba a kudepoti. Mwa nzeru zanga zonse, imeneyi ndiyo inandidyera ndalama zambiri.

Mumzindamo ndinapeza mkulu wina wokonza mawotchi ndi mawayilesi, yemwe pansi pa tebulo lake panali katoni ya makamera akale onunkha nkhungu. Anatulutsa Pentax K1000, kuipukuta ndi malaya, n'kundigwiritsa. Kulemera kwake ngati mwala wotswera mtedza.

"Iyi ndi ya 1976, achimwene, chitsulo chokhachokha. Batire ndi yongoyezera kuwala basi. Ikatha, kamera imajambulabe. Kwanu kozizira kuja mukufuna imeneyi."

Sananame mkuluyo, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira kamera ija mtima umandiwawa. Anandionetsanso Nikon F3, akuti kazenera kake kosuzumiramo pojambula kamaonetsa chilichonse chomwe chilowe pafilimu osasiyako kanthu. Atatchula mtengo ndinangoseka, ndinati ng'ombe ndilibe. Ndinalipira Pentax ija, ulendo wobwerera ku Dedza, makilomita oposa 80, nditaifungatira ngati khanda.

Madzulo ndinaitana anthu pakhonde kuti adzaone ukwati wa lenzi ndi kamera. Ndinalowetsa, yakana. Ndinapotoza, yakana. Ndinapakako timafuta todzola, amayi akundiyang'ana, yakanabe. Kamera iliyonse ili ndi kamwa lake, ndipo la Pentax silimeza lenzi ya Canon ngakhale uzinyengerere bwanji.

"Safunsa anadya phula," anatero amayi, n'kulowa kukhitchini.

Ulendo wachiwiri ndinapita ndi dzina lokha pakamwa. Ndinati ndikufuna Canon. Mkulu uja anandisinthira ndi Canon EOS yapulasitiki, yopepuka, yolira nziii ukaidina. "Canon ndi Canon, achimwene," anatero. Lenzi ndinali nditaisiyanso kunyumba. Musandifunse chifukwa. Nditafika, yakananso, ndipo ulendo uno ana a aneba anabwera ndi anzawo. Mphunzitsi wina wopuma wa m'mudzi mwathu, yemwe kale ankajambula maukwati pa njinga, ndi amene anandiuza kuti makamera a EOS anayamba mu 1987 ndi kamwa latsopano, ndipo lenzi za FD zimafuna akale monga AE-1, A-1 kapena FTb. Anafunsa chifukwa chimene sindinabwere kwa iwo poyamba. Ndinayang'ana nkhuku.

Ulendo wachitatu lenzi inakwera nane, ili m'sokosi lake lomwe lija, nditaimangirira pamimba. Kondakitala anayamba kundipatsa moni ngati mnansi. Pansi penipeni pa katoni panapezeka Canon AE-1, nayonso ya 1976. Nditalowetsa lenzi n'kupotoza mphete yake, inagwira kuti nga! Ndinatsala pang'ono kumukumbatira mkuluyo.

Vuto linali limodzi. AE-1 popanda batire ndi chokongoletsa pashelefu, sijambula ngakhale kamodzi, ndipo imafuna kabatire ka mphamvu ya 6V komwe iye analibe. Sanagwe mphwayi. Anatenga timabatire tinayi ta LR44, kutisanjikiza, kutikulunga ndi tepi, n'kutsekera mpata wotsala ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Inalira kuti tcha! "Ikazizidwa muziifunditsa," anandilangiza, ngati akundipatsa mwana wa nkhumba.

Amene sanagoneko ku Dedza mu Julayi asamanene za kuzizira. Tsiku la chinkhoswe kunacha ndi chifunga, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Zoyambirira zinayenda bwino. Atsikana analowa atafunda zitenje kumutu, alamu anga n'kumalipira kuti apeze wawo, amayi akululutira. Itakwana nthawi yoti ankhoswe asinthane tambala ndi thadzi, ndinagwada patsogolo pa anthu onse, diso pakazenera, chala pabatani. Ndinadina. Zii. Ndinadinanso. Zii.

Ndinaitsekula pamimba kamera ija, kutulutsa timabatire, n'kutipana m'khwapa. Ndinaima pamenepo nditapinda msana, dzanja m'jekete, nkhope itakwinyika. Agogo anadzuka pamkeka n'kubwera kudzandinong'oneza kuti ngati ndi m'mimba, ali ndi muzu m'chikwama. Timabatire titafunda ndinapempha ankhoswe kuti abwereze. Anabwereza. Kapepala ka ndudu kanali katagwa, ndinakafufuza m'fumbi pakati pa miyendo ya alendo, n'kupemphanso. Ulendo wachitatu tambala anatopa nazo, anachita zake pa jekete la ankhoswe a kuchimuna.

China chimene palibe anandichenjeza n'chakuti m'lenzi yotambalala anthu amaoneka kutali, tating'ono ngati nyerere. Ndiye ndinkasendera. Ndinkasenderabe. Alamu anga ndinawajambula ndili pafupi moti ndinkamva fungo la mafuta a m'mutu mwawo. Pa chithunzi cha onse, ndinauza anthu oposa makumi anayi kuti asapanikizane, malo alipo, kamera iyi ndi ya ku Joni. Azakhali anafika mochedwa kuchokera kumaphikiro, atavala chilundu chatsopano chimene anasungira tsikuli, ndipo ine ndinawaimika kumapeto kwenikweni kwa mzere. Maso anga anali akuchucha misozi ndi utsi wa nkhuni, m'makona sindinayang'anemo.

Filimu ya zithunzi 36 inatha. Malo otsukira amene ndinkawadziwa anatseka kalekale, choncho ndinaipatsira msuweni wanga wokaoda katundu ku Joni. Envelopu inabwera patatha miyezi iwiri, ndipo banja lonse linasonkhana pakhonde lomwe lija. Ine, posafuna kuoneka wamantha, ndinaipereka yosatsegula kwa mlongo wanga.

Choyamba chinali cha alamu. Mphuno inali patsogolo, yaikulu ngati kachewere wa pa Lizulu, makutu ali kutali m'mbuyo ngati a munthu wina. Mlongo wanga anaseka mpaka anakhala pansi, mwamuna wake akusisita mphuno yake mwakachetechete. Tambala anatuluka wamkulu ngati mbuzi, ankhoswe ali kumbuyo kwake ngati anyamata omuperekeza. Pa zithunzi zisanu ndi ziwiri panali nsapato zanga, imodzi yong'ambika kuchala. Pa zina panali mthunzi wanga utagona pa mkeka wa mphatso.

Kenako chinatuluka cha onse. Apakati anaoneka bwino, mano mbee. Koma lenzi yotere imakoka chilichonse chimene chili m'mphepete, ndipo azakhali inawakoka. Mutu unapendekeka ngati dzungu lokulira pamwala, thupi linatambasuka ngati nkhokwe ya chaka chokolola, maluwa a pachilundu atasanduka masamba a nthochi. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wa achimwene anga," anatero motsitsa mawu, "ndinakulakwira chiyani?"

Ndisanayankhe, kamwana kena kanaloza mbali inayo. Kazenera ka AE-1 kamabisako pang'ono m'mbali, koma filimu imatenga zonse. Kumapeto kwa chithunzicho, kuseri kwa khitchini, kunali chipewa chodziwika. Pansi pa chipewacho panali atsibweni anga, amene anauza mpingo wonse kuti mowa anausiya ku Joni, khosi litapenya kumwamba, chipanda cha masese chili pakamwa. Chithunzi chonsecho malo owala bwino kuposa ena onse anali amenewo.

M'mawa mwake anatuma mwana kudzatenga lenzi yawo, ndi sokosi lomwe. Kamera ndinatsala nayo, ili pashelefu, kamwa lili yasa. Phiri lija sindinalijambule n'komwe.

Azakhali tinagwirizananso pa Khirisimasi. Kungoti masiku ano, kaya ndi paukwati, kaya kutchalitchi, munthu akangokweza foni, amasiya chilichonse chili m'manja, n'kuyamba kukankha anthu ndi zigongono mpaka ataima pakati penipeni. Mwezi wathawu anamusuntha mkwatibwi.