Mmene ndinakwerera phiri la Mangochi

Ndakulira pa Mangochi boma pompano koma phiri la Mangochi ndinkangoliona patali kum'mawa uko, maso athu ife amakhala kunyanja basi. Mwezi wa Julayi ndinati ayi ndikaliponde.

Choyamba musangonyamuka ngati mukupita kumsika. Nkhalango ya Mangochi kuyambira 2018 ikuyang'aniridwa ndi bungwe loteteza nyama zakutchire la African Parks pamodzi ndi paki ya Liwonde, nde mumayamba mwafunsa chilolezo kwa oyang'anira, komanso njovu zimayendamo zochokera ku Liwonde, si zoti mungolowa nokha ayi. Ine ndinafunsa kudakali sabata yathunthu.

Tsikulo ndinakwera minibasi m'mamawa, kuwoloka Shire pa buliji ya Bakili Muluzi kenako kuyamba zitunda za ku Chowe zija msewu wokhotakhota wopita ku Namwera. Makutu amatseka, ukacheuka nyanja ya Malombe ili pansi mbee ngati lichero. Nditatsika ndinatenga kabaza wanjinga yamoto mpaka kumudzi wa m'tsinde mwa phiri, tinayamba talonjera amfumu, kenako bambo ena achikulire odziwa njira anatitsogolera. Kumeneku anthu ambiri ndi Ayao koma Chichewa tinkamvana bwinobwino.

Kumunsi ndi tchire la miombo, mitengo ya masuku mbwee koma zipatso kunalibe poti si nyengo yake, udzu wouma wofika m'khosi. Apa mpamene ndinalakwitsa, ndinavala malaya a manja aafupi nde ndinakhudza chitedze. Amayi ine! Mkono wonse moto. Bambo aja anangoti "mwanangu musakande, mukakanda chimalowerera," ndipo anandionetsa nyemba zake zaubweya zili lende pa chitsamba kuti ndizizidziwa. Valani zamanja aatali chonde, ndi nsapato zotseka, madzi malita awiri osachepera.

Titayenda ndithu tinafika pa linga lakale lija amati Fort Mangochi. Apa ndinakhala chete kanthawi. Dera limeneli linali likulu la mfumu Jalasi, amene analimbana ndi Angerezi mpaka anamugonjetsa mu 1895, kenako iwo anamanga lingali pompo. Makoma ake adakalipo, mitengo yamera mkati mizu yake yalowa m'ming'alu, ndinagwira khoma lili zii ngati mtsuko wa madzi. Zimandiwawa kuti ana athu ambiri pa boma sadziwa nkomwe kuti malowa alipo, chonsecho ndi kwathu konkuno.

Kuchoka pa linga kupita pamwamba mpamene pali ntchito, phirili ndi lalitali kupitirira mamita 1,700 pomwe nyanja ili pa mamita osafika 500, nde miyendo imadziwa. Tchire limasintha mwadzidzidzi, miombo imatha mumalowa m'nkhalango yobiriwira yamdima, pansi ponyowa, ndere pa makungwa, mbalame zikulira zomwe kunyanja sindinazimvepo, anyani akubwebweta kutsidya kwa chigwa. Mphepo yake eeh, munthu wa ku Mangochi wozolowera thukuta ndinavala juzi masana dzuwa lili pamutu.

Pamwamba sitinakhalitse, tinadya chinangwa chophika ndi mtedza, bambo aja akundilozera mapiri a ku Mozambique mbali ya Chiponde, kenako anati "tiyeni mwanangu, kutsika kumafuna kuwala." Minibasi yomaliza ndinaipeza mwamwayi, mkono ukuyabwabe mpaka ku boma.