Sindinagwe mu mzimu, mpando ndi umene unathawa

Popeza alamu anga ayamba kale kuimwaza nkhaniyi pa gulu la WhatsApp, mpaka ena mwayamba kunditchula kuti mneneri, ndiloleni ndiinene ndekha isanamere nyanga. Sindinagwe mu mzimu. Malilime sindinalankhule. Anyezi ajanso sanali chopereka.

Chimene chinanditengera kutchalitchi kumeneko mukuchidziwa, ndi matenda anga aja okonda nyumba zakale za kanema. Kuno ku London zilipo zambiri zomangidwa m'ma 1930, ndipo zingapo mwa zokongola kwambiri lero ndi matchalitchi. Ndiye ukafuna kuona m'kati sugula tikiti. Umangovala jekete Lamulungu n'kulowa ndi nkhope ya munthu wodzapemphera. Ndinayambira ku Finsbury Park, pa Seven Sisters Road, m'nyumba ija inatsegulidwa mu 1930 ikutchedwa Astoria n'kudzasanduka Rainbow, malo a zoimbaimba, mu 1971. M'kati mwake anakonza ngati mudzi wa ku Spain usiku, timakonde, timazenera, ndi nyenyezi kudenga. Jimi Hendrix anawotcheramo gitala mu 1967, Bob Marley anaimbamo mu 1977, ndipo mu 1995 mpingo wochokera ku Brazil unaitenga. Ndinalowa, ndinaona, ndinatuluka ulemu wanga uli wonse. Ku Kilburn, ku Gaumont State ya mu 1937, ija inali ndi mipando 4,004 ndi nsanja yotengera Empire State Building ya ku New York, chimodzimodzi. Ku Granada ya ku Woolwich, imene katswiri Theodore Komisarjevsky anaikongoletsa ngati tchalitchi chachikulu pamene munkaonetsedwa anthu akuwomberana pa akavalo, palibenso anandinyamula. Izi ndikunena kuti mudziwe kuti sindine mlendo pa ntchitoyi.

Imene ndinagweramo dzina lake sinditchula. Anthu ake ndi abwino, ndipo denga lake sindinamalize kuliona.

Achemwali ndi amene anayambitsa zonse. Atamva kuti ine ndi alamu tikudutsa pamsika, anati tiwagulireko anyezi. Mukudziwa mmene amagulitsira kuno, mbale imodzi paundi imodzi, n'kukukhuthulira m'kajumbo kabuluu kopyapyala koti ukakayang'anitsitsa kamang'ambika. Ine ndinati tigule pobwerera. Alamu anati pobwerera tipeza atatha. Tinalowa m'nyumba ya Mulungu ndi mbale ziwiri za anyezi, ine n'kuika jumbo pakati pa mapazi anga.

Tsono pali zinthu ziwiri zimene amisiri a nthawi imeneyo anasiya m'nyumba zimenezi. Choyamba, pansi pamakhala potsetsereka kuchokera kumbuyo kukafika kutsogolo, kuti wa kumbuyo asamaonere chipewa cha mnzake. M'nyumba zambiri anapasalaza pamene zinasanduka malo a juga ya bingo, chifukwa matebulo safuna chitunda. M'nyumba iyi ayi, chitunda chidakalipo. Chachiwiri ndi mipando. Ukangodzuka umadzipinda wokha, kuti anthu adutse bwino komanso athawe msanga moto ukabuka. Nzeru yabwino kwa munthu wothawa moto. Koma ine ndinakulira mu CCAP, kumene benchi ukaisiya imakudikira pomwepo, ngakhale ubwere chaka chamawa.

Tinaimirira kuimba. Ine pakamwa ndinkagwedeza, koma maso anali kudenga, ndikuwerenga maluwa a pulasitala ndi kufufuza timabowo timene kuwala kwa kanema kunkatulukira. Nyimbo inatha osadziwa ine. Abusa anati aliyense akhale pansi, atseke maso, alankhule ndi Mulungu wake mwakachetechete. Holo yonse inangoti zii. Ine pozindikira ndatsala ndekha chiimire, khosi lili m'mwamba. Manyazi anandigwira, ndiye ndinakhala pansi mwachangu, ndi mtima wonse, ndi thupi lonse, osasiyako kanthu.

Mpando kunalibe.

Abale anga, ulendo wochoka pamene pamayenera kukhala mpando kukafika pansi ndi waufupi, koma ndinakumbukira zambiri. Ndinakumbukira kuti inshulansi ndilibe. Ndinakumbukira ngongole ya achimwene ku Area 25. Kenako ndinafika, phi! Miyendo m'mwamba, nsapato imodzi yakola pa mpando wa kutsogolo, thalauza lalankhula mawu amene thalauza limalankhula kamodzi kokha pa moyo wake. Ndipo ndinakuwa, inde ndinakuwa, koma m'Chichewa chomveka bwino: "Mayo ine, msana wanga, ndafa ine!"

Mayi wina kumbuyo kwanga anayankha kuti aleluya. Wina uko anati ameni. Posakhalitsa amayi awiri olandira alendo anafika, atavala zofanana, wina atanyamula nsalu yoyera. Anandifunditsa miyendo mwaluso la anthu oti ntchitoyi anaizolowera. Ndiyamike pamenepa, chifukwa nsaluyo inabisa zimene thalauza linaulula. Wamkuluyo anagwada, n'kuika dzanja pamphumi panga, n'kunong'oneza mnzake kuti asandidzutse, andisiye ndimalize.

Ndinatembenuza maso kufuna alamu. Munthu amene anakwatira mlongo wanga, amene ndinamuperekeza pa chinkhoswe chake. Anawerama, mapewa akugwedezeka, misozi ili mbwee, n'kundiuza chapansipansi kuti, "Alamu, ingogonani pomwepo. Mukadzuka msanga adziwa."

Ndinagona. Mukanatani inu?

Ndili chigonere choncho, tsaya lili pa kapeti, ndinaona chinthu chimene palibe wokonda nyumba zakale anachionapo: holo yonse kuchokera pansi pa mipando. Miyendo yachitsulo ili ndandanda, nsapato za anthu mazanamazana, ndi chitunda chija chikutsika bwinobwino mpaka kuguwa. Ndinayamba kusirira ntchito ya amisiri. Kenako ndinaona jumbo yanga. Inali itang'ambika pamimba, ndipo anyezi anali atayamba kutuluka mmodzimmodzi.

Ang'onoang'ono sanapite patali. Wina anakakodwa pa chikwama cha mayi wina, wina anakaima pa chidendene cha bambo wina n'kukhazikika pomwepo. Koma panali mmodzi wamkulu, wofiirira, amene ndinachita kumusankha ndekha pamsika. Ameneyo anakhotera kumanzere, anadutsa pansi pa mipando iwiri, n'kutulukira pa kanjira ka pakati. Pamenepo anaima kaye. Ndinamupempha mumtima kuti bwerera. Anagwedezeka pang'ono, n'kuyamba kutsika.

Sanathamange ayi. Akanathamanga bwenzi zitatha msanga. Ankapita pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mkulu wa mpingo amene akupita kukawerenga zolengeza. Khungu lake louma linkangoti tswa, tswa, tswa pa kapeti, ndipo nyumba zimenezi anazimanga kuti mawu a munthu mmodzi pa siteji azimveka mpaka kukhonde la m'mwamba, ndiye tswa ameneyu anafika paliponse. Mzere woyamba anadutsa anthu maso ali chitsekere. Mzere wachiwiri mwana wina anatsegula diso, n'kumutsatira ndi chala. Amake anamubweza dzanja osatsegula maso. Anyezi anapitirira. Pena pake kapeti inali ndi kachitsulo kopingasa, ndipo ndinati basi, apa waima, Mulungu wamva. Anakwera kachitsuloko, anaima pamwamba pake nthawi yokwana munthu kunena Pemphero la Ambuye lonse, n'kutsikira kutsidya ali ndi mphamvu zatsopano. Bambo wina wa suti anasuntha phazi kumupatsa njira. Kumupatsa njira, abale! Anyezi wa paundi imodzi mbale!

Kutsogolo kwenikweni, pamene kale pankakhala dzenje la oimba, anatsekapo ndi matabwa. Anyezi anakafika pamenepo n'kugunda: gu. Pansi pa matabwawo ndi pamphako, ndiye kanali ka gu kamodzi koma konenepa. Abusa anatsegula diso limodzi. Asanalitseke, ena atatu amene anatsatira mkulu wawo anafika motsatizana. Gu. Gu. Kenako kachete pang'ono. Gu.

Abusa aja ndi munthu wanzeru, ndiwapatse ulemu wawo. Anatsika, anatola wamkulu uja, anamuyang'ana mbali zonse, n'kumukweza m'mwamba kuti mpingo uone. Anati sakudziwa amene wabweretsa zokolola zake kuguwa, koma Mulungu amene amaona zobisika amudalitse. Anthu anawomba m'manja. Mayi wogwada uja anayang'ana jumbo yong'ambika, anayang'ana ine, n'kukweza dzanja kuloza kuti ndi uyu, ndi uyu wagona apayu. M'manja munawonjezeka. Ine ndinatseka maso zolimba, chifukwa panalibenso kwina kopita.

Tsono musanaseke kwambiri, taganizani bwino mlandu uli ndi ndani. Anthu a ku Britain akanapanda kugula ma TV m'ma 1950 ndi m'ma 1960 n'kusiya kupita kukanema, nyumba ija bwenzi ikadali ya kanema, muli mdima, ndipo ndikanagwa n'kudzuka popanda mboni. Malamulo oteteza nyumba zakale nawonso salola kusintha m'kati mwachisawawa, n'chifukwa chake zimakomera mipingo, imene imafuna holo yaikulu ndi siteji monga zilili, ndipo n'chifukwa chakenso chitunda chija chinandidikira zaka zonsezi. Komanso kugwa m'nyumba zotere sikunayambe ndi ine. Mu December 1971, ku Rainbow komwe kuja, munthu wina anakwera pa siteji n'kukankhira woimba Frank Zappa m'dzenje la oimba, mpaka anakhala miyezi akuyenda pa njinga ya olumala. Iyeyo mpaka lero amamulemba m'mabuku mwaulemu. Ine ndangogwa pang'ono, popanda wondikankha, mwayamba kunditumizira zithunzi za anyezi atavala kolala.

Mapemphero atatha anandidzutsa anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo. Ananditengera kumene kale ankagulitsira matikiti, kumene tsopano amalandirira alendo, n'kundipatsa tiyi ndi mabisiketi. Mayi uja anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, sabata yamawa udzapereke umboni." Ndinati, "Mayi, ndikhala ndili kuntchito." Anati ntchito si kanthu. Alamu, amene anadya mabisiketi ambiri kuposa ine wovulala, anawatsimikizira kuti adzandibweretsa okha.

Nsalu yoyera ija ndinapempha kubwereka, ndinaimanga m'chiuno pansi pa jekete, n'kukwera nayo basi mpaka kunyumba. Ndinaichapa, ndinaisita, ili pa mpando apa, ndikusowa woituma. Thalauza ndapititsa kwa telala. Atandifunsa chimene chinachitika ndamuuza kuti ndinagwa pa njinga.