Mbuzi inapha wizard, dayisi inapita ku mapemphero

Kwa amene simuidziwa, Dungeons & Dragons ndi gemu yokhala pa tebulo, munthu m'modzi amafotokoza nkhani ngati agogo pa nthano za usiku, enawo aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo, akafuna kuchita chinthu chovuta amaponya dayisi tione ngati chatheka. Anaiyambitsa Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America mu 1974 koma ine ndinaionera pa YouTube chabe, basi mutu unatentha ati ndikhale Dungeon Master, uja wofotokoza nkhaniyo. Malamulo oyambira a 5th edition, ija ya 2014, a kampani ya Wizards of the Coast anawaika ulere pa intaneti, ndinakaprintitsa ku Kabwata mpaka mnyamata wa pa printa anandifunsa ngati ndikulemba mayeso a uloya. Madayisi anandibweretsera mnzanga kuchokera ku Johannesburg, 7 m'kathumba kamodzi, yaikulu ya mbali 20 yaing'ono ya mbali 4.

Osewera ndinangotola a m'nyumba kwathu ku Chilenje. Alamu anga amene amagulitsa salaula ku msika wa Soweto muno mu Lusaka, msuweni wanga wamkazi, kamwana ka achemwali anga ka giredi 6, ndi amalume a ku Katete omwe anabwera kudzagula ma spare a chigayo ndiye analibe kothawira.

Kupanga anthu okha kunatidyera masana onse. Pali manambala 6 oti ugawe, 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8, uike pa mphamvu, changu, kulimba thupi, nzeru ndi zina. Amalume anasankha fighter, ine nkuwauza kuti 8 muike pa Charisma amalume, poti msilikali safuna kukoma pakamwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ati iwe mphwanga, ine ndinakwatira kawiri popanda ondilankhulira, lero undipatse 8? Anaika 15 pamenepo, 8 nkuponya pa mphamvu, tinakhala ndi msilikali wolephera kunyamula chishango koma wokoma m'kamwa.

Ine ndinali nditakonza phanga lonse pa katoni, zipinda, misampha, zotsekera za mabotolo a Fanta ndiwo magoblin, tizilombo toipa ta m'nkhanimo. Ndinayamba ndi mawu aulemu kuti mwafika pa mudzi, mfumu ikudandaula kuti magoblin aba ng'ombe, phanga lawo lili kuseri kwa phiri, muchita chani? Ndimayembekeza kuti anena tiyeni. Amalume ati ng'ombe zingati, za ndani, nanga nyakwawa inaitanitsa bwalo? Komanso kwa mfumu sitipita chimanjamanja, tipeze nkhuku kaye.

Manje nkhukuyo sinali mu mapepala anga. Ndinapeka mayi wogulitsa nkhuku pomwepo, ndipo apa ndi pomwe alamu anadzuka. Munthu wa ku Soweto musamupatse mpata wotsitsa mtengo olo ndalama zake zikhale zabodza. Anaponya dayisi ya Persuasion, ija yonyengerera munthu, inagwa pa 19, nkhuku inatsika. Anati nkhukuyo ikuoneka ya chitopa, inatsikanso. Kenako mbasela. Ine pofuna kuti tinyamuke ndinangoti mayi uja wakupatsani mbuzi ya mbasela, nyamukani chonde, phanga likudikira.

Kamwana kaja, wizard wathu, uja wa matsenga, kanatopa kalekale. Kanati ankolo, ine ndikukoka mchira wa mbuzi, kenako ndithawe. Ndinati mbuzi ikuthamangitsa, ndiponye tione. Pamaso pa onse dayisi inagwa pa 20. Tsono 20 pomenya ndi critical, madayisi ovulaza amawirikiza kawiri, ndipo mbuzi ya m'malamulo ikabwera chothamanga imaonjezera ina. Zinakwana 13. Wizard wa level 1 amakhala ndi moyo 6 kuphatikiza ka Constitution, kulimba thupi kuja, wathuyu analibe kalikonse kophatikiza. Lamulo limati zotsala zikafika pa moyo wako wonse wafa pomwepo, palibe zoponyanso. 13 kuchotsa 6 kutsala 7. Anthu inu, mwana uja anafa asanaone goblin olo m'modzi. Ma Dungeon Master enieni amaponyera kuseri kwa kachibokosi kuti zoterezi azibisa, ine kabokosi kanga ndinali nditadula kupangira phanga.

Misozi inayamba, ndipo nthawi yomweyo malaiti anapita. Tinayatsa kandulo. Msuweni wanga anali cleric, wansembe wa m'gemumo, ati ndimudzutsa, koma spell, ndiye kuti matsenga, yodzutsa wakufa imayambira level 5 ndiye panalibe. Ndinaganiza mwachangu kuti pakhomo pa phanga pakhale mzimu wa mfumu yakale woti ungabweze moyo. Mwana anasangalala, anagona pansi pa simenti manja pachifuwa kuti zikhale zenizeni. Amalume anagwira dayisi ya 20 ndi manja awiri akuiuzira mpweya. Ine ndinadzifunditsa chitenje kumutu, nkutulutsa mawu a pansi pa mimba: ndani akufuna kudzutsa wakufa? Bweretsani magazi a mbuzi!

Pa windo panali amai a landilodi. Anabwera kudzatenga ya madzi.

Analowa osagogoda, opanda nsapato, mwendo woyamba nkuponda ka dayisi ka mbali 4. Amene munakagwirapo mukudziwa, kamagwa nsonga ili m'mwamba nthawi zonse. Kukuwa kwake agalu a mpaka ku Libala anayankha. Ati mwanditchera! Mukuombeza ula m'nyumba mwanga! Ine ndili ndi chitenje kumutu ndikuti ayi amai, mwanayu wafa mongosewera chabe, tikufuna timudzutse. Mwana naye kuti asaononge gemu sanagwedezeke olo pang'ono. Amalume anaimirira mwaulemu wonse wa Charisma 15, ati pepani amai, ife tilibe mlandu, yapha mwanayu ndi mbuzi, ndipo mbuziyo tinachita kupatsidwa.

Ndinayesa ya sukulu. Ndinati amai ngakhale ku America m'ma 1980 makolo ndi matchalitchi ena ankaopa gemu yomweyi kuti ndi ya satana, koma ndi masamu ndi nthano basi. Anandiyang'ana nkuti ndiye kuti azunguwo anaona bwino. Anatola mapepala, kandulo ili pafupi, tsamba loyamba kuwagwera m'maso ndi la ma spell. Alamu nthawi imeneyo anali atasowa, ati anapita kukaona ngati kwa aneba malaiti aliko.

Chinatipulumutsa ndi chitumbuwa. Msuweni ananong'oneza mwana kuti dzuka pali chitumbuwa chatsala, wakufa uja anadzuka liwiro, amai aja nkukhala pansi pa sofa akugwira mtima. Anamwa madzi, anawerenga ndalama yawo ya madzi kawiri, kenako anatambasula dzanja kwa amalume. Dayisi ya 20 anaimanga pa nsonga ya chitenje, ati ipite kaye ku mapemphero a azimayi Lachinayi. Mpaka lero sinabwere, ndikafunsa amati ikadali pa ntchito. Tikuponyera pa app ya pa foni, ndi malaiti oyaka, chitseko chotsegula, ndipo mawu oti magazi analetsedwa pa yadi yonse.

Phanga langa la katoni palibe analowamo. Amalume anabwerera ku Katete ndi ma spare awo, dzulo atumiza voice note ya mphindi 4 pa WhatsApp, ati gemu isapitirire iwo kulibe, chifukwa mbuzi ikapha munthu mlandu umabwerera kwa mwini wake woyamba, ndiye mayi wa nkhuku uja aitanidwe ku bwalo ndipo abwere ndi ankhoswe ake.